Frankfurt, Mainz, Worms, Speyer: Mmene Ayuda Ankakumbukira Chipulumutso Ali Kudziko la Eni

Lachiwiri, Frankfurt

Ulendowu tauyamba Lachiwiri mwadala. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale kuno ku Germany zimatseka Lolemba, pomwe manda a Ayuda satsegulidwa Loweruka ndi pa masiku a zikondwerero zawo. Masikuwo sakhazikika pa kalendala yathuyi chifukwa miyezi ya Chiyuda imayendera mwezi wakumwamba. Amene akubwera mu Seputembala kapena Okutobala ayambe wafufuza, poti Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot zimatsatizana m'milungu itatu yokha, ndipo mutha kufika pageti n'kupeza loko. Mizinda inayi yonseyi imafikika pa sitima wamba zolembedwa S, RB kapena RE. Tikiti ya Deutschlandticket imagwira ntchito pa zonsezi mwezi wathunthu, koma ili ndi misampha iwiri: simungakwere nayo sitima zothamanga za ICE kapena IC, ndipo amakudulaninso ndalama mwezi wotsatira ngati simunaithetse pofika pa 10.

Tonse amene tinakulira pa Baibulo timamudziwa Danieli m'dzenje la mikango ndi anzake atatu m'ng'anjo ya moto. Koma Aroma atagwetsa kachisi m'chaka cha 70, Ayuda anakhala zaka mazanamazana m'maiko a eni, opanda mneneri, opanda guwa la nsembe, opanda mfumu yawoyawo. Moyo umenewu amautcha galut. Funso limene tabwera nalo ndi lakuti: munthu wa mu galut amazindikira bwanji kuti apa Mulungu watiteteza, pamene nyanja sikugawikanso?

Tayambira ku Museum Judengasse, pa msewu wa Battonnstraße. Mu 1987, pokumba malo oti amangepo maofesi, anapeza maziko a nyumba zakale za Ayuda, ndipo maziko a nyumba zisanu ali mkati mwa myuziyamuyi. Mumatsika n'kumayenda pakati pake. Kuyambira mu 1462 Ayuda onse a mumzindawu anakakamizidwa kukhala m'kamsewu kamodzi kotalika mamita pafupifupi 330, kokhala ndi mageti atatu amene ankakiyidwa usiku, Lamlungu ndi pa zikondwerero za Akhristu. Anthu anachuluka mpaka pafupifupi 3,000 koma kamsewuko sikanakule, n'chifukwa chake nyumba zina n'zopapatiza ngati khonde.

Mu 1612 amisiri a mumzindawu anayamba kuukira khonsolo pa nkhani ya misonkho, mtengo wa tirigu ndi chiwongoladzanja. Mtsogoleri wawo anali Vinzenz Fettmilch, wophika makeke. Mkwiyo unayambira pa khonsolo koma unakathera pa Ayuda, amene ambiri mwa oukirawo anali nawo ngongole. Pa 22 Ogasiti 1614 gulu linathyola geti n'kufunkha kamsewu konse, ndipo mawa lake Ayuda pafupifupi 1,380 anathamangitsidwa mumzindamo. Patapita chaka ndi theka, pa 28 Febuluwale 1616, Fettmilch ndi anzake anaphedwa pabwalo la Roßmarkt molamulidwa ndi mfumu yaikulu Matthias, ndipo tsiku lomwelo asilikali anaperekeza Ayuda kubwerera m'nyumba zawo. Pageti anakhomapo chiwombankhanga, chizindikiro cha mfumu yaikulu.

Mukaiyang'ana nkhaniyi ndi diso la ndale, mulibe chozizwitsa. Ayuda ankawerengedwa ngati antchito a chuma cha mfumu yaikulu ndipo ankakhoma msonkho kwa iye. Kuwathamangitsa kunali kuba m'thumba lake. Koma mpingo wa Ayuda a ku Frankfurt unatenga tsiku limenelo, pa 20 mwezi wa Chiyuda wa Adar, n'kulisandutsa chikondwerero cha chaka ndi chaka chotchedwa Purim Vinz. Dzulo lake ankasala kudya. Analembanso nyimbo yaitali, m'Chiheberi ndi m'Chiyidishi (chinenero cha Ayuda a ku Ulaya chofanana ndi Chijeremani), yofotokoza zonse zimene zinachitika.

Dzina la Purim, chikondwerero chokumbukira chipulumutso cha m'buku la Estere, sanalitenge mwangozi. Buku la Estere ndi limene silitchula dzina la Mulungu ngakhale kamodzi. Zonse zimaoneka ngati zochitika wamba: mfumu yasowa tulo, mtsikana wasankhidwa kukhala mfumukazi, kalata yalembedwa. Chozizwitsa chotere amachitcha nes nistar, chozizwitsa chobisika, ndipo mipingo yambiri ya Ayuda, kuyambira ku Cairo mpaka ku Prague, inakhala ndi Purim yakeyake yokumbukira tsiku limene inapulumuka. Purim yaikulu ya pa 14 Adar ili ndi malamulo anayi: kumva mpukutu wa Estere ukuwerengedwa kawiri, usiku ndi masana, kutumiza zakudya za mitundu iwiri kwa munthu mmodzi kapena kuposa, kupereka mphatso kwa osauka osachepera awiri, ndi kudya phwando. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi phokoso. Ana amasokosera nthawi iliyonse dzina la Hamani likatchulidwa, koma womvera akaphonya liwu limodzi lokha sanakwaniritse lamulo, choncho wowerenga wodziwa ntchito yake amaima mpaka kuti zii asanapitirize. Ndipo pa Purim sanena Hallel, masalimo otamanda amene amaimbidwa pa zikondwerero zina. Chimodzi mwa zifukwa zimene Talmud, buku lalikulu la ziphunzitso za arabi, imapereka n'chakuti tikadali akapolo a Ahasiwero. Anapulumuka, koma sanamasuke.

Kuseri kwa myuziyamu kuli manda akale, amene chiliza chake chakale kwambiri ndi cha 1272. Ziliza zambiri zinaphwanyidwa mu 1943 ndipo zidutswa zake zaunjikidwa milumilu. Pakhoma lakunja pali timabokosi tachitsulo toposa 11,000, kalikonse kali ndi dzina la Myuda wa ku Frankfurt amene anaphedwa m'nthawi ya chipani cha Nazi. Pamwamba pa timabokosito anthu amaikapo timiyala.

Lachitatu, Mainz

Kuchokera ku Frankfurt ndi mphindi pafupifupi 40 pa S8. Mainz, Worms ndi Speyer amaitchula pamodzi kuti ShUM, kutengera zilembo zoyamba za maina ake a Chiheberi: Shpira, Warmaisa, Magenza. Liwulo m'Chiheberi limatanthauzanso adyo. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika malo a Ayuda a m'mizinda itatuyi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Lero ndi tsiku lolemera, chifukwa kuno chipulumutso sichinabwere. M'mwezi wa Meyi 1096, magulu a ankhondo a mtanda amene ankapita ku Yerusalemu anaganiza zoyamba ndi Ayuda amene anali pafupi. Ku Speyer, pa 3 Meyi, anapha anthu khumi ndi mmodzi, koma Bishopu Johannes analowererapo n'kubisa otsalawo. Ku Worms, pa 18 ndi pa 25 Meyi, anapha pafupifupi 800. Pa 27 Meyi gulu lotsogoleredwa ndi Emicho linalowa mu Mainz. Ayuda anali atathawira m'nyumba ya Akibishopu Ruthard ndipo anali atapereka ndalama kuti atetezedwe, koma akibishopuyo ndi asilikali ake anathawa. Anthu oposa 1,000 anafa, ambiri mwa iwo atadzipha okha pokana kubatizidwa mokakamiza.

Pali mabuku atatu a Chiheberi amene analemba mbiriyi m'zaka makumi angapo zotsatira, ndipo olemba ake sanamubisire Mulungu mawu. Anayerekeza zimenezi ndi Abrahamu pamene anamanga Isake, n'kunena kuti paja mngelo anagwira dzanja, koma ku Mainz anamangidwa oposa chikwi tsiku limodzi. Anafunsa chifukwa chake thambo silinade. Ife tikuona kuti amene akufuna kumvetsa chikhulupiriro cha Ayuda pa nkhani ya chitetezo ayambire pano, osati pa nkhani zokoma. Sananene kuti ofawo anali ndi chikhulupiriro chochepa. Anawatcha oyera, analemba maina awo m'buku la chikumbutso lotchedwa Memorbuch, ndipo anapeka pemphero la Av HaRachamim, Atate wa chifundo. M'mwambo wa kuno ku Rhine pempheroli limanenedwa kawiri pachaka: pa Sabata la patsogolo pa chikondwerero cha Shavuot, nyengo imene kuphanaku kunachitika, ndi pa Sabata la patsogolo pa 9 mwezi wa Av, tsiku lolira kachisi. Tsiku la chipulumutso lili pa kalendala, la chiwonongeko lilinso pomwepo.

Manda a Judensand ali pa Mombacher Straße, pafupi ndi siteshoni. Ayuda atathamangitsidwa mu 1438, ziliza zinazulidwa n'kumangira nyumba ndi makoma. Zimene zinapezeka pambuyo pake anazidzalanso mu 1926 pamtunda wa mandawo, koma poti palibe akudziwa kuti chiliza chilichonse chinali pamanda ati, sanaziike m'mizere. Pakati pake pali mwala wokumbukira Rabbeinu Gershom, amene anamwalira cha m'ma 1028 ndipo amatchedwa Me'or HaGolah, Kuwala kwa Ukapolo. Iye ndiye amadziwika ndi malamulo oletsa mitala, oletsa kusudzula mkazi asakufuna, ndi oletsa kuwerenga kalata ya mwini. Lamulo lina limene limatchulidwa m'dzina lake n'lakuti munthu amene anabatizidwa mokakamiza n'kubwerera asanyozedwe kapena kukumbutsidwa. Mwana wake weniweni anali mmodzi wa obatizidwawo.

Mainz imadziwikanso ndi pemphero la Unetaneh Tokef, limene limanenedwa pa Rosh Hashanah ndi Yom Kippur: ndani akhale moyo ndipo ndani afe, ndani ndi madzi, ndani ndi moto. Nthano imati Rabi Amnon wa ku Mainz, atakakamizidwa ndi bishopu kuti asiye chipembedzo chake, anapempha masiku atatu oti aganize, kenako anadziimba mlandu kuti wapempheranji. Anamudula zala za m'manja ndi za kumapazi, ndipo atamunyamula kupita naye ku sunagoge ananena pempheroli n'kutsirizika. Nkhaniyi inalembedwa m'zaka za m'ma 1200, koma zidutswa za pempheroli zopezeka ku Cairo zikuonetsa kuti ndi lakale kuposa pamenepo ndipo linachokera kudziko la Israyeli. Pempherolo silichepa mphamvu chifukwa cha zimenezi. Likungotiuza kuti anthu a ku Rhine anapeza mawu akale okwanira bala lawo.

Musachoke musanaone sunagoge watsopano wa 2010. Wojambula mapulani ake, Manuel Herz, anaumba nyumbayo motsata zilembo zisanu za liwu lakuti kedushah, chiyero, ndipo kunja kwake n'kokutidwa ndi matailosi obiriwira.

Lachinayi, Worms

Theka la ola kuchokera ku Mainz pa RE. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, libweretseni kuno.

Yambani ndi manda a Heiliger Sand, amene ali pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawu. Muli ziliza pafupifupi 2,500, ndipo chakale kwambiri ndi cha chaka cha 1058 kapena 1059. Malamulo olowera ndi awa. Amuna avale chipewa kapena kachisoti. Chipewa wamba n'chokwanira. Musadye kapena kumwa mkati, musaponde kapena kukhala pa chiliza, ndipo musabweretse maluwa. Ngati mukufuna kupereka ulemu, tolani kamwala kunja n'kukaika pamwamba pa chiliza. Potuluka Ayuda amasamba m'manja, kuthira madzi ndi kapu dzanja ili kenako linalo, katatu, ndipo ambiri sapukuta kapena kupatsirana kapuyo pamanja. Wochokera kwathu sangadabwe nazo, poti nafenso timasamba m'manja pochokera kumanda. Mukaona bambo wina waima kunja kwa mpanda osalowa, musamukakamize: mwina ndi kohen, wa mtundu wa Aroni, amene saloledwa kuyandikira manda. Mandawa sachotsedwa mpaka kalekale, kusiyana ndi manda wamba a ku Germany amene amabwerekedwa kwa zaka makumi awiri kapena atatu.

Mukangolowa, muona ziliza ziwiri zoyandikana zimene pamwamba pake pali mulu wa timiyala, timapepala topindapinda ta mapemphero ndi timakandulo totha. Timapepala tina tanyowa ndi mvula mpaka inki yayenderera pamwala. Chimodzi ndi cha Rabi Meir wa ku Rothenburg, wotchedwa Maharam, mphunzitsi wamkulu wa Ayuda a ku Germany m'nthawi yake. Mu 1286 ananyamuka ndi banja lake kupita kudziko la Israyeli, koma anagwidwa panjira n'kuperekedwa kwa mfumu Rudolf wa ku Habsburg, amene anamutsekera ku Ensisheim n'kufuna dipo lalikulu. Kuwombola wandende ndi limodzi mwa malamulo akuluakulu a Chiyuda. Koma Mishnah, buku lakale la malamulo a Chiyuda, imaika malire: musawombole munthu pa mtengo woposa woyenera, kuopa kuti ogwira anthu angazolowere. Mwambo umati Maharam mwiniwake anakana kuti mipingo ipereke ndalamazo. Anamwalira m'ndende mu 1293, ndipo mtembo wake anaukaniza zaka 14. Mu 1307 wamalonda wa ku Frankfurt, Alexander ben Salomon Wimpfen, anapereka chuma chake kuuwombola, n'kupempha chinthu chimodzi chokha: akadzamwalira adzamuike pambali pake. Anamwalira chaka chomwecho. Chiliza chachiwiricho ndi chake.

Apa palibe mngelo anatsegula ndende. Chitetezo chinadza kudzera mwa munthu amene anakana kupulumutsidwa kuti anzake asamagwidwe ngati nkhuku, ndi wina amene anataya chuma chifukwa cha mtembo.

Sunagoge ali kumpoto kwa mzinda wakale, pa Judengasse. Woyamba anamangidwa mu 1034, ndipo mwala wotchula amene anapereka ndalama, Yakobo mwana wa Davide ndi mkazi wake Rakele, ukadalipo pafupi ndi khomo. Anamangidwanso mu 1175, chipinda cha amayi chinawonjezedwa cha m'ma 1213, anatenthedwa ndi a chipani cha Nazi mu Novembala 1938, ndipo anamangidwanso ndi miyala yomweyo n'kutsegulidwa mu 1961. Rashi, amene ndemanga zake zimasindikizidwa pambali pa Torah (mabuku asanu a Mose) ndi Talmud mpaka lero, anachokera ku Troyes, ku France, n'kudzaphunzira kuno ndi ku Mainz cha m'ma 1060.

Zungulirani kunja kwa chipinda cha amayi muone pamene khoma linalowa mkati pang'ono. Amati mayi wina woyembekezera ankadutsa m'kanjira kopapatizaka, ngolo n'kubwera mothamanga. Iye anadzipanikiza kukhoma, khomalo n'kumupatsa malo. Ena amati anali mayi a Rashi, ena amati a rabi wina, Yehuda HeChasid. Khomali linamangidwa onse awiriwo atabadwa kale, ndiye musatenge nkhaniyi ngati mbiri. Koma taonani kukula kwa chozizwitsa chimene anthu a kuno ankayembekezera: osati adani kumizidwa m'nyanja, koma kampata kokwana thupi la mayi mmodzi. Nthano zoterezi anazisonkhanitsa Juspa Schammes, wosamalira sunagogeyu amene anamwalira mu 1678, ndipo zinasindikizidwa ku Amsterdam mu 1696 m'buku lotchedwa Ma'aseh Nissim, nkhani za zozizwitsa. Mulinso ya alendo awiri osadziwika amene anavomera mlandu umene sanapalamule kuti mpingo wonse usaphedwe, ndipo anthu a ku Worms ankawayatsira nyali ziwiri m'sunagoge.

Nkhani ina ndi yeniyeni. Buku la mapemphero a zikondwerero lotchedwa Worms Mahzor, lolembedwa pamanja mu 1272, linagwiritsidwa ntchito kuno mpaka 1938. Woyang'anira zolemba za mzinda, Friedrich Illert, analipulumutsa n'kulibisa munsanja ya tchalitchi chachikulu m'nthawi ya nkhondo, ndipo kuyambira 1957 lili ku Yerusalemu. Mkati mwake muli chiganizo chakale kwambiri cha Chiyidishi chimene chaka chake chimadziwika, ndipo ndi mdalitso kwa munthu wamba: tsiku labwino limuwalire amene anyamule bukuli kupita nalo ku sunagoge. Bukulo n'lolemera, linkafunadi wonyamula.

Lachisanu, Speyer

Tanyamuka m'mamawa chifukwa Lachisanu ndi lalifupi. Makandulo a Sabata amayatsidwa mphindi 18 dzuwa lisanalowe, ndipo m'nyengo yozizira dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko. Kubwerera ku Frankfurt ndi pafupifupi ola ndi theka, komanso sitima za kuno zimachedwa kuposa mmene mbiri yake imamvekera, ndiye siyani mpata.

Mu 1084 Bishopu Rüdiger anaitana Ayuda kuti adzakhale mu Speyer, n'kulemba kuti akuchita zimenezi pofuna kukuza ulemu wa mzinda wake. Anawapatsa malo, manda, ufulu wa malonda ndi wodziweruza okha. Kalata zoterezi ndi zimene zinkasunga moyo wa Ayuda, koma mphamvu yake inkathera pa amene waisainira. Kwa eni kulibe mkuwe. Mliri waukulu utafika mu 1348, mphekesera zinafala zoti Ayuda athira poizoni m'zitsime. Papa Clement VI analemba kuti limeneli ndi bodza, poti Ayudanso ankafa ndi mliri womwewo, koma mu 1349 mipingo ya Speyer, Worms ndi Mainz inawonongedwa.

Ku Judenhof, pa Kleine Pfaffengasse, kwatsala makoma a sunagoge wa 1104 ndi dziwe losambiramo la mwambo lotchedwa mikveh, la cha m'ma 1120. Mumatsika masitepe a miyala, kudutsa kachipinda kovulira kokhala ndi benchi yamwala, kenako masitepe okhota mpaka pamadzi, mamita pafupifupi 10 pansi pa nthaka. Mpweya umazizira mukamatsika. Madziwo ndi oyera, masitepe omaliza amaoneka pansi pake, ndipo kuwala kumalowera pamwamba.

Anakumba mozama chonchi chifukwa cha lamulo. Madzi a mikveh sayenera kukhala otungidwa ndi chiwiya. Akhale a kasupe, a pansi pa nthaka kapena a mvula amene adzisonkhanitsa okha. Muyeso wake ndi seah 40, ndipo akatswiri amasiyana pouwerengera, ena malita pafupifupi 330, ena oposa 570. Dziwe likamadontha pa mng'alu, kapena madzi oyambawo akathiridwa ndi ndowa, mikveh ya madzi a mvula yawonongeka. Wosambayo ayambe wasamba bwinobwino kwina, achotse mphete, amasule tsitsi, chifukwa chilichonse chotchinga pakati pa khungu ndi madzi chimalepheretsa mwambo, ndipo thupi lonse limire nthawi imodzi. Kuno madzi amakwera ndi kutsika motsatira madzi a pansi pa nthaka, pafupi ndi mtsinje wa Rhine, n'chifukwa chake masitepe amapitirira kulowa m'madzimo.

Anthu amene ankadziwa kuti atha kuthamangitsidwa chaka chilichonse anamanga ndi miyala yosema, mokongola, ngati okhalitsa. Ankatsatira kalata ya Yeremiya kwa a ku Babulo, yoti mangani nyumba, limani minda, pemphererani mtendere wa mzinda. Talmud imawonjezera kuti kulikonse kumene Aisrayeli anatengedwa ukapolo, Shekhinah, kukhalapo kwa Mulungu, kunapita nawo, ndipo mawu a Ezekieli 11:16 onena za malo opatulika aang'ono pakati pa mitundu imawamasulira kuti ndi masunagoge ndi nyumba zophunziriramo.

Loweruka usiku, Frankfurt

Talemba mochedwa chifukwa pa Sabata salemba, ndipo mlendo wopita ku sunagoge amalemekeza zimenezo ali komweko. Sunagoge wa Westend anatsegulidwa mu 1910, ndipo mwa masunagoge akuluakulu a mumzindawu ndi yekhayu amene anatsala chiimire pambuyo pa 1938 ndi nkhondo. Simungangofika n'kulowa. Lemberani ofesi ya mpingo masiku angapo m'mbuyo ndipo mufunse za chiphaso. Panja pamakhala apolisi ndipo pakhomo amafunsa mafunso, musakhumudwe. Foni ikhale yozimitsa, osajambula, osatulutsa ndalama. Amuna ndi amayi amakhala kosiyana. Mapemphero a m'mawa amatenga maola awiri kapena atatu, ndipo anthu asanu ndi awiri amaitanidwa mmodzimmodzi kukaima pa mpukutu wa Torah.

Pa nthawi imeneyi m'pamene mungamve Birkat HaGomel, mdalitso wa munthu amene wapulumuka. Talmud, potengera Salimo 107, imatchula magulu anayi oyenera kuthokoza: owoloka nyanja, odutsa m'chipululu, amene anadwala kwambiri n'kuchira, ndi otuluka m'ndende. Masiku ano ambiri amaunenanso akatsika ndege yowoloka nyanja kapena akapulumuka pangozi ya galimoto. Saunena ali yekha kunyumba: pakhale anthu khumi, makamaka pamene Torah yawerengedwa, ndipo ndi bwino asadutse masiku atatu. Wodwala amadikira kuti achire ndithu. Mawu ake amatamanda Mulungu amene amachitira zabwino anthu osayenera, amene wandichitira ine zabwino zonse, ndipo mpingo umayankha kuti amene wakuchitira zabwino apitirize kukuchitira zabwino. Liwu lakuti osayenera ndi limene limatseka pakamwa pa wopulumuka kuti asadziyese wolungama kuposa amene sanapulumuke. Palinso mdalitso wina, wonena munthu akafika pamalo enieni pamene iye kapena makolo ake anapulumukira.

Apolisi apakhomo aja sakutsutsana ndi chikhulupirirochi. Lamulo lakale limati ein somchin al hanes, sitidalira chozizwitsa, ndipo Rabi Yannai anaphunzitsa kuti munthu asaime pamalo oopsa n'kumati andichitira chozizwitsa, chifukwa mwina sichichitika. Pa 9 Okutobala 2019, tsiku la Yom Kippur, munthu wa mfuti anafika pa sunagoge wa ku Halle, mzinda wina wa ku Germany, mkati muli anthu oposa 50, panja popanda wapolisi. Anawombera chitseko chathabwa koma sichinatseguke. Ambiri anati n'chozizwitsa, ndipo chitsekocho, ndi mabowo ake a zipolopolo, chinaikidwa pabwalo la sunagogeyo ngati chikumbutso. Koma munthuyo anapha mayi amene ankangodutsa pamsewu ndi mnyamata amene anali m'malo odyera chapafupi. Amene akusimba za chitseko asimbenso za awiriwa.

Sabata limatha nyenyezi zitatu zikaoneka. Mwambo wotsekera, havdalah, umafuna kapu yodzaza vinyo kapena madzi a mphesa, zonunkhira monga kalova, ndi kandulo yolukana ya zingwe ziwiri kapena kuposa. Ngati palibe, amaphatikiza malawi a makandulo awiri. Madalitso amatsatana chonchi: vinyo, zonunkhira, moto, kenako kusiyanitsa chopatulika ndi cha masiku onse. Pa mdalitso wa moto aliyense amapinda zala n'kuyang'ana kuwala pa zikhadabo zake, chifukwa sadalitsa kuwala kumene sanakugwiritse ntchito. Asanayambe madalitsowo, wotsogolera amanena mavesi kuyambira Yesaya 12:2, wonena za Mulungu wa chipulumutso, ndipo akafika pa Estere 8:16, pamene Ayuda anali ndi kuwala ndi chimwemwe ndi ulemu, onse amanena naye mokweza n'kuwonjezera mawu amene mulibe m'buku la Estere: zikhalenso chomwecho kwa ife. Kenako amathira vinyo pang'ono m'mbale n'kuzimitsiramo kandulo.